Mfuti Zomwe Sizinalire ku Mobeni

Foni inalira Sarudzai ali chogwada pansi pa tebulo la kasitomala ku Pinetown, akufufuza chingwe chomwe mwini wake ankalumbira kuti sanachikhudze. Onse amalumbira choncho. Zaka zisanu ndi ziwiri akukonza makompyuta mu Durban, anali asanakumanepo ndi munthu wovomera kuti wawononga yekha makina ake.

Woyimbayo anali Hanifa, neba wake wa ku Clermont, mkazi wa a Twaha omwe ankalondera geti pa kampani ina yosunga ndi kutumiza katundu ku Mobeni.

"Achemwali, Che Twaha awatsekera m'chipinda kuntchito. Akuti aba majenereta."

"A Twaha? Aba?" Sarudzai anadzuka msanga mpaka kugunda mutu ku tebulo. "Munthu woti akatola pini amazungulira msewu wonse kufunsa mwini wake?"

"Bwana wawo akuti folo koloko akuyitana apolisi. Za pasipoti ija mukuzidziwa inu."

Ankazidziwa. Chidindo cha m'pasipoti ya a Twaha chinatha mphamvu zaka ziwiri zapitazo. Ndipo chaka chimenecho, cha 2015, patangopita milungu yochepa chichitikireni zipolowe zothamangitsa alendo, wapolisi akagwira Mmalawi wopanda mapepala sankataya nthawi ndi nkhani za majenereta. Ankangomukweza galimoto. Hanifa ndi ana atatu akanadzangomva kuti bambo awo awatsitsa pa boda ya Mwanza ndi zovala zomwe anavala Lachisanu lija.

Asanayankhe n'komwe, foni ina inalowa. Anali bwana mwini wake, a Moodley, akufuna munthu wawo wa makompyuta abwere pompano adzawauze chifukwa chimene kamera inagonera. Nthawi inali itangopitirira thu koloko.

*

A Moodley anali munthu wokonda zaulere kuposa mkazi wawo. Chaka chathachi Sarudzai atawauza kuti pa kompyuta ya mu ofesi yotumiza katundu aikepo Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, sanafunse kuti Linux n'chiyani. Anangomva kuti sagula, basi nkhani inathera pomwepo. Pa kompyuta yomweyo ndi pomwe pankajambulidwa zithunzi za kamera ya pageti.

"Majenereta thwelofu!" anakalipa m'Chingerezi Sarudzai atangolowa. "Magetsi akuzimazima chonchi, mukudziwa mmene anthu akuwafunira? Ine ndinali kudoko. Ndabwera, katundu palibe, loko wa pageti ali bwinobwino, kamera yanuyo yagona kuyambira 12:14 mpaka 1:20."

"Makiyi a geti ali ndi yani?"

"Ine ndi mlondayo. Ndipo iyeyo wavomera yekha kuti anachoka kupita kumzikiti. Ndikumufunsa kuti kiyi anali kuti, wangoti duu ngati chitsa. Munthu wosalakwa amakhala chete?"

"Mu ofesi munali yani?"

"Desmond. Ameneyo walakwa, koma wavomera ngati mwamuna. Akuti anaika gemu pa kompyuta, kompyuta n'kuzima n'kuyakanso, kamera n'kusiya kujambula iye osadziwa. Ola lonse anali ndi mahedifoni kumutu, akuwombera zilombo. Ndimudula malipiro a sabata. Koma ndi mwana wabwino, wa ku Umlazi konkuno. Si ngati enawa." Anaima pang'ono, n'kukumbukira amene akuyankhula naye. "Inu ndinu osiyana, mukudziwa."

Sarudzai anangoyang'ana kudenga. Mwana wabwino wa ku Umlaziyo anabadwira ku Kadoma, ku Zimbabwe, m'nyumba yomweyo ya pamgodi imene anabadwira iye, bambo awo ali Mngoni wa ku Ntcheu. Anali mlongo wake wa bere limodzi, womupondera pamutu. Atafika ku Durban, Desmond anameza Chizulu chonse m'miyezi isanu ndi itatu, n'kupeza dzina la bambo lina ndi chiphaso chimene Sarudzai sanafune kudziwa kumene chinachokera. Ntchito ya pa a Moodley anamupezera ndi Sarudzai yemwe, pomutchula kuti ndi mnyamata amene amangomudziwa.

"Ndikufuna zithunzi za ola limenelo," anatero a Moodley. "Zipezeke kapena zisapezeke, folo koloko ndikuimba."

"Zithunzi zomwe sizinajambulidwe sizipezeka, bwana, ngakhale mukuwe mpaka mawa. Ndiloleni ndiwaone kaye a Twaha."

*

Anawatsekera m'kachipinda kosungira matsache ndi zidebe za penti. A Twaha anali atakhala pa chidebe chimodzi, kapu yawo yakumutu ya ulonda ili pabondo, manja ataphatikiza ngati akudikira basi. Anali bambo wa ku Mangochi wa zaka zoposa makumi asanu, wandevu zaimvi, wofatsa mpaka kukwiyitsa.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" anatero ataimirira.

"Zoswerazo tisiye, bambo. Munachoka nthawi yanji?"

"Thwelofu itangokwana. Mzikiti uli chapafupi apa. Ndinabwera wani itapitirira."

"Kiyi munapita naye?"

"Kumzikiti sindipita ndi kiyi wa eni ake."

"Ndiye munamusiyira yani?"

A Twaha anayang'ana kapu yawo.

Sarudzai ankadziwa mwambo wake, monga aliyense wa kumudzi wogwira ntchito mu Mobeni. Lachisanu masana Asilamu akamapita kukaswali, kiyi amasiyira Mmalawi mnzawo wa Chikhristu. Lamlungu m'mawa wa Chikhristu akafuna kutchalitchi, Msilamu amamugwirira. Mabwana sadziwa, ndipo sayenera kudziwa. Kiyi sapatsidwa kwa munthu wakunja kwa mtundu, ngakhale akhale wabwino chotani. Pa kampani ya a Moodley panali Amalawi atatu odziwika: a Twaha, ndi anyamata awiri onyamula katundu, onse Asilamu, onse anali kumzikiti komweko.

"Bambo, ndikufunsani komaliza. Folo koloko kukubwera apolisi."

"Ndamva."

"Hanifa akulira ku Clermont uko."

"Alira, inde." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Achemwali, inu munaona zomwe zinachitika mwezi wathawu. Ine aliyense amandidziwa kuti ndine mlendo, ndinazolowera. Koma munthu amene wabisala, amene amadya ndi eni dziko mbale imodzi iwo osadziwa, ndikamuloza chala lero, mawa ayenda bwanji mumsewu? Adzati anatinamiza. Ameneyo samumenya ngati mmene amamenyera ife. Ine pakamwa panga sipatuluka dzina."

"Nanga ngati munthuyo ndi amene wakuberani?"

"Sangatero. Kiyi anandibwezera m'manja, n'kundifunsa ngati mapemphero anayenda bwino."

Sarudzai anatsonya. Ulemu wina ndi uchitsiru wovala mkanjo basi. Koma munthu wobisala pa kampaniyo ankamudziwa mmodzi yekha.

*

Kunja kwa geti, pansi pa ambulera yong'ambika, Nosipho ankakazinga magwinya, mandasi a kuno aja akuluakulu. Anali mayi wa Chizulu wa pakamwa posatseka, ndipo mu msewu umenewo simunkadutsa ngakhale mphaka iye osamuona.

"Hawu, sisi, ubaba Twaha? Ayi, ameneyo ayi," anatero m'Chizulu, akutembenuza magwinya. "Anadutsa pano thwelofu, n'kundipatsa moni monga mwa masiku onse. Hafu pasiti kunabwera bakkie yoyera, galimoto ya pikapu, yopanda dzina la kampani. Sinaimbe hutala. Yangofika, geti latseguka."

"Watsegula ndani?"

"Eish, geti limatsegukira mkati, ine ndimaona chitsulo chokha. Koma wotsegulayo anali ndi kiyi, sanavutike. Bakkie inatuluka isanakwane wani, itaphimbidwa lona, kumbuyo kutatsika chonchi."

"Desmond munamuona?"

"Ndi zimenezotu. Tsiku lililonse hafu pasiti thwelofu amabwera kudzatenga magwinya awiri ndi poloni. Lero ayi." Anamuyang'ana Sarudzai cham'mbali, n'kutsitsa mawu. "Mfana wanu uja."

"Wanga bwanji?"

"Sisi, ndakhala pa mafuta otentha zaka khumi. Munthu akapsa amalira m'chinenero cha amayi ake. Tsiku lina mafuta anamuthothokera pa dzanja, sanati hawu. Ine sindinauze munthu, si nkhani yanga. Koma mphuno zanuzo n'zofanana, musandipusitse."

Sarudzai anayang'ana foni. Nthawi inali 3:05.

*

Sarudzai anapeza Desmond mu ofesi atakhala pampando wozungulira, malaya oyera osakwinyika, nsapato zosongoka zili pa tebulo. Ataona mlongo wake anamwetulira kumwetulira kwa kuntchito.

"Sawubona, sisi."

Sarudzai anatseka chitseko. "Tsitsa mapaziwo. Ndipo uyankhule Chichewa, muno mulibe wokuombera m'manja."

Desmond anasuzumira pawindo kaye asanayankhe, ndipo Chichewa chake chinatuluka chonong'ona. "Mukufuna kundiphetsa kodi?"

"Undiuze za gemuyi."

"Aaa, ndi ija ija, sisi. Yathu ija ya ku Kadoma, ya m'makonde amdima, ya zilombo ndi mfuti ya mipope iwiri. Ndinaona pa intaneti kuti pa Linux imatheka, yaulere. Ndinalemba lamulo limodzi, yalowa. Kenako ndinaikanso pulogalamu yoyendetsa zithunzi kuti izidzaza sikirini yonse, kompyuta n'kupempha kuti izime iyakenso. Ndikanadziwa bwanji kuti kamera siyambanso yokha? Imeneyo ndi ntchito yanu, munaikonza choncho ndinu."

Apo sananame. Pulogalamu ya kamera inkafuna munthu ayiyatse kompyuta ikayaka, ndipo Sarudzai anakhala akunena kuti adzakonza. Pasiwedi yoikira zinthu pa kompyutayo anamupatsanso yekha mu Januwale, tsiku lomwe printa inavuta iye ali ndi ulesi wokwera taxi ziwiri. Zonse ziwirizi Desmond ankazidziwa bwino.

"Ndiye unasewera ola lonse."

"Lonse. Ndinafika gawo lachinayi, pa chipinda chija cha madzi obiriwira. Mahedifoni ali kumutu, mfuti zikulira, eish, ngakhale bomba likanaphulika panja sindikanamva."

"Kiyi wa a Twaha?"

"Kiyi wanji? Mdala ameneyo ine timangopatsana moni." Anatambasula manja. "Sisi, ndikumumvera chisoni, koma anthu a ku Mangochi awa mumawadziwa. Kupemphera kwambiri, manja ataliatali."

Sarudzai anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zosongokazo. Munthu wobadwira pa komboni ya mgodi, amene anakula akudya matemba otumizidwa ndi azakhali a ku Ntcheu, lero akuti anthu awa. Zinamunyansa.

"Dzuka pampandopo," anatero.

*

Anthu amaganiza kuti kompyuta ndi bokosi lopusa. Opusa ndi iwowo. Linux imasunga mzere uliwonse umene munthu walemba pa windo lake lakuda lolamulira, ndipo imalemba nthawi ya chilichonse chimene chaikidwa. Sarudzai anatsegula mbiriyo, Desmond ataima kumbuyo kwake akuimba kaluzu.

12:06, gemu yaikidwa. 12:09, pulogalamu ya zithunzi yaikidwa. 12:14, kompyuta yazimitsidwa n'kuyakanso. Kenako dzina la gemu lalembedwa kamodzi, kuti itseguke. Zonse monga ananenera.

"Mwaona?" anatero Desmond. "Sharp?"

Gemu imeneyi Sarudzai ankaidziwa kuposa Desmond. Kale ku Kadoma, pa kompyuta yakutha ya mphunzitsi wina woyandikana nawo, woyika gemuyo anali iye, wokonza mabatani anali iye, Desmond ankangofika zonse zitapsa n'kulanda mpando. Moyo wake wonse anali wotero: kudya zophikaphika, osadziwa kuti m'khitchini mumachitika zotani.

Ndiye sankadziwa ichi. Eni gemuyo anapereka kwaulere injini yokha, pulogalamu yoyendetsa. Koma makonde aja, zilombo, mfuti ndi kulira kwake, zonsezo zimakhala mu fayilo imodzi yaikulu ya pa CD yoyambirira, ndipo imeneyo munthu amakopera yekha n'kuiika mu foda yake. Popanda fayiloyo injini ili ngati galimoto yopanda matayala. Komanso gemuyo ikatseguka bwino koyamba, imalemba yokha kafayilo kosunga mabatani amene wosewera wasankha, kukula kwa sikirini ndi mphamvu ya mawu.

Anatsegula foda yobisika ya gemuyo. Munalibe kanthu. Anafufuza fayilo yaikulu ija pa kompyuta yonse, osaipeza. Kompyutayo inalibe polowetsa CD, ndipo mabowo a USB anawatseka yekha chaka chatha chifukwa cha nyimbo za madalaivala. Pa zokopedwa ku intaneti panalibenso chilichonse cha tsikulo.

Nthawi inali 3:31. Zoona zake, mtima unamupweteka, ndipo unamupweteka kwambiri chifukwa mpaka mphindi imeneyo anali akupempherabe chamumtima kuti apeze kafayilo kaja.

"Desmond, majenereta ali kuti?"

Kaluzu kanaleka.

"Ukawabweza isanakwane folo, ndikamuuza bwana kuti apezeka, nkhani ya apolisi ife. Ntchito ikuthera, koma ugona kwanu. Imba foni kwa anzako a bakkiewo."

"Mwapenga eti? Ine ndimasewera gemu."

"Gemu iyi sinatsegukepo pa kompyuta ino."

Desmond anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Kenako anawerama n'kuyankhulira pafupi ndi khutu lake. "Ndiye mukanene. Mukamuuze Moodley kuti munamubweretsera mlongo wanu wa chiphaso chabodza, n'kumupatsa pasiwedi. Muone ngati mudzakhudzenso kompyuta mu Mobeni muno. Ndipo amayi ku Kadoma mukawauze nokha. Mdalayo akungopita kwawo basi, sakumupha. Kwawo kuli nyanja, azikadya nsomba."

"Ali ndi ana atatu pasukulu."

"Si anga."

Sarudzai anadzuka, n'kutsegula chitseko. "Bwana Moodley! Tabwerani ndi a Twaha, mudzaone gemu."

*

Anadzazana mu ofesimo: a Moodley ali ndi foni m'manja, a Twaha ataima pakhomo ndi kapu yawo, Desmond atatsamira kabati. Kuseri kwa windo anyamata onyamula katundu anasiya ntchito n'kumasuzumira.

"Zithunzi mwazipeza?" anafunsa a Moodley.

"Ndapeza zoposa zithunzi. Desmond, khala apa. Tsegula gemu yako, bwana aone chipinda cha madzi obiriwira."

"Ah, mlungu wami, bwana wanga, zachibwana izi," anatero Desmond, akusakaniza Chizulu ndi Chingerezi monga ankachitira akafuna kukondedwa.

"Tsegula," anatero a Moodley.

Anakhala. Analemba dzina la gemuyo, n'kudina. Sikirini inachita mdima kwa kamphindi, kenako inabwerera pomwe inali, ndi mzere umodzi wa Chingerezi pansi pake. A Moodley anawerama n'kuuwerenga mokweza: fayilo ya gemu sinapezeke.

Desmond anadinanso. Chimodzimodzi. Anadinanso kachitatu, mwamphamvu, ngati batani ndi lomwe lalakwa.

"Wafufuta ndi mayiyu," anatero. "Inkagwira masana."

"Chilichonse chimene ndalemba pa kompyutayi chili pa mbiri apa, bwana, pansi pa zake. Muitane wina aliyense wodziwa Linux adzawerenge." Sarudzai analoza foda yopanda kanthu ija, n'kufotokoza za injini ndi fayilo ya pa CD pang'onopang'ono, monga amafotokozera makasitomala ake onse, ngati akuyankhula ndi mwana wa sitandade wani. "Gemu ikangotseguka kamodzi imasiya kafayilo ka mabatani muno. Mulibe. Munthuyu sanawombe chipolopolo ngakhale chimodzi. Ankafuna chifukwa chozimitsira kompyuta kuti kamera igone, ndi tchimo laling'ono loti avomere kuti musafunse lalikulu. Anaona mdimawu pa sikirini, n'kuganiza kuti palibe adzayang'ane. M'mahedifoni munalibe mfuti. Bakkie anaimva bwinobwino, chifukwa geti anatsegula ndi iye."

A Moodley anayang'ana Desmond, kenako a Twaha, nkhope itasokonezeka. Munthu akakhala kuti wasankha kale wakuba wake, kumusinthira kumamupweteka ngati kumuzula dzino.

"Ayi, dikirani," anatero. "Gemu ndi gemu. Mwina ananama chifukwa anagona. Geti linatsegulidwa ndi kiyi, ndipo kiyi anali ndi mlonda. Anthu awa ndimawadziwa, amasungana okhaokha. Twaha angapereke kiyi wake kwa Mzulu? Sizingatheke." Anakweza foni. "Ikukwana folo. Akafotokozera apolisi."

Desmond anapumira m'mwamba, kumwetulira kuja kukubwerera pang'onopang'ono. A Twaha anali chiimire, maso ali pansi, milomo itatsekedwa ndithu. Bamboyo anali ataona ndi maso ake kuti amene akumuteteza ndi amene wamugulitsa, komabe dzina silinkatuluka. Sarudzai anafuna kuwagwedeza mapewa. Chala cha a Moodley chinali chitayamba kudina manambala.

"Mwanena zoona, bwana," anatero Sarudzai. "Kwa Mzulu sangapereke."

Chala chinaima.

"Lachisanu lililonse a Twaha akamapita kumzikiti amasiyira kiyi Mmalawi mnzawo. Uyu si wa ku Umlazi. Anabadwira ku Kadoma, bambo ake ndi a ku Ntcheu, ku Malawi. Ndikudziwa chifukwa ndi bambo anganso. Ndi mlongo wanga, ndinamubereka kumsana. Ndinakunamizani pomubweretsa, ndipo pasiwedi ndinamupatsa ndine."

Kuseri kwa windo wina anati hawu, ndipo mawuwo anayenda m'bwalo lonse.

"Amanga!" anakuwa Desmond m'Chizulu. "Bodza! Sindimudziwa mayi ameneyu!"

"Twaha," anatero a Moodley, mawu atatsika, "kiyi unapatsa uyu?"

A Twaha anayang'ana Sarudzai nthawi yaitali. Chinsinsi chinali chitatayika kale pansi, panalibenso choti asunge. Anagwedeza mutu kamodzi.

Desmond analumpha kulunjika pakhomo, koma atangoona nkhope za anyamata a m'bwalo aja, amene ankadya nawo magwinya n'kumaseka nawo alendo, anabwerera yekha chambuyo. Kachipinda ka matsache kaja analowamo mosakakamizidwa, ndipo a Moodley atatseka loko, Desmond anafunsa ali mkati ngati apolisi achedwe kufika.

*

A Moodley sanapepese. Anthu ngati amenewo kupepesa amakuona ngati msonkho. Anangouza a Twaha kuti atuluke apolisi asanafike, adzere geti lakumbuyo, ndipo Lolemba sikisi koloko akhale ali pantchito. Kenako anatembenukira kwa Sarudzai.

"Inu mundilembere pasiwedi papepala. Apolisi akatenga sitetimenti yanu, musadzapondenso pano. Ndipo anzanga onse a mu Mobeni ndiwauza."

"Muwauzenso kuti kamera imafuna kuyatsidwa kompyuta ikayaka," anatero Sarudzai akulemba. "Wobwera pambuyo panga adzakulipiritsani kuti akuuzeni zomwezo."

Anawaperekeza a Twaha mpaka ku geti lakumbuyo. Bamboyo ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kumaliro, ndipo pa getipo anaima.

"Achemwali, mwachita chinthu cholemera. Mwana wa amayi anu."

"Pitani, bambo. Hanifa akudikira."

"Ine ndikanakhala chete mpaka ku Mangochi."

"Ndikudziwa," anatero Sarudzai. "N'chifukwa chake ndayankhula ine."

A Twaha anafuna kunena china, koma kumsewu wakutsogolo kunamveka galimoto ikuima ndi zitseko ziwiri zikutsekedwa. Anavala kapu yawo n'kutuluka, ndipo Sarudzai anawayang'ana mpaka atakhota pa ngodya, kulowera kokwerera taxi za ku Pinetown. Atatsimikiza kuti sakuonekanso, anakoka geti, n'kubwerera mkati kukauza apolisi dzina lenileni la mlongo wake.